Kalata ya ku Paisley: Musangoyang'ana Lendi

Achemwali,

Ndakondwa kumva kuti ntchito ya unamwino yapezeka mbali ziwiri, ina ku London, ina kufupi ndi Glasgow kuno ku Scotland. Mwafunsa kuti mukakhazikike kuti ndi banja lanu. Funso lomweli amandifunsa anthu ambiri akumudzi, n'chifukwa chake ndati ndiyankhe poyera kuti enanso atolepo kanthu.

Poyamba dziwani kuti muli ndi mwayi pokhala namwino. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, boma la Britain linaletsa anthu obwera kudzasamalira okalamba kutenga mabanja awo, koma anamwino lamuloli silinawakhudze. Ngakhale zili choncho, chitupa chanu chidzanena poyera kuti simuloledwa kulandira thandizo la boma. Nyumba ya khonsolo musayiyembekezere, ndalama ya ana ayi. Zonse zidzachokera m'thumba mwanu, ndiye kusankha tauni ndi nkhani ya masamu.

Za London sinditalikitsa. Lendi ya pamwezi kumeneko nthawi zambiri imapitirira mapaundi 2,000. N'zoona kuti anamwino a ku London amawonjezeredwa kangachepe pa malipiro, koma kangachepeko kamathera mwini nyumba musanagule n'komwe ufa. Tinakhalako ife, banja lonse m'chipinda chimodzi, khitchini ndi bafa tikugawana ndi anthu osawadziwa. Kuno ku Paisley nyumba ya zipinda ziwiri siifika ngakhale theka la mtengo umenewo, ndipo sitima yopita pakati pa Glasgow siitha mphindi 15. Matauni ngati Hamilton, Motherwell, Kilmarnock ndi Greenock nawonso lendi yake ndi yofikirika. Edinburgh ndi mzinda wokongola, koma ukayendereni tsiku lopuma, musakakhaleko.

Komabe musatengeke ndi lendi yokha. Nyumba ikatchipa kwambiri, funsani chifukwa. Nyumba zambiri kuno ndi zakale, zamiyala, zadenga lalitali, ndipo kuzitenthetsa m'nyengo yozizira kumadya ndalama koopsa. Nyumba iliyonse ya lendi imakhala ndi chikalata chosonyeza mmene imasungira kutentha, kuyambira A mpaka G. Mukaona F kapena G, thawani. Mukalowa kukaiona, suzumirani kuseri kwa makatani ndi m'makona a kuchipinda. Mukapeza nkhungu yakuda pakhoma, dziwani kuti ana azidzatsokomola mpaka dzuwa libwerere. Nyumba zina zili ndi mita yolipiriratu ngati mayunitsi a ESCOM, ndipo mu Januwale imameza ndalama mukuiona ndi maso.

Pali msonkho wina wa khonsolo umene kwathu sitiudziwa. Amaulipira wokhala m'nyumba, osati mwini wake, ndipo umatengera gulu la nyumbayo, kuyambira A mpaka H. Kuno ku Scotland ndalama ya madzi amaiphatikiza pomwepo, pamene ku England bilu ya madzi imabwera payokha. Lembani zonsezi papepala limodzi: lendi, msonkho, gasi ndi magetsi, ndi basi yopita kuntchito. Nyumba yotchipa imene ili kutali ndi chipatala, kumene basi yoyamba imanyamuka inu mutachedwa kale, idzakukakamizani kugula galimoto musanakonzeke.

Pali zina zimene zimapepuza katundu kuno. Mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi aulere kuyambira 2011, pamene ku England akuluakulu ambiri amalipira. Kuyambira 2022 aliyense wosakwana zaka 22 amakwera basi ulere akakhala ndi khadi yake. Ana a pulayimale, kuyambira kalasi yoyamba mpaka yachisanu, amadya nkhomaliro kusukulu osalipira. Malamulo a lendi nawo amateteza: mwini nyumba ayenera kukhala wolembetsedwa ku khonsolo, chikole sichipitirira lendi ya miyezi iwiri, ndipo kuyambira Disembala 2017 sangakutulutseni popanda chifukwa chovomerezeka ndi lamulo. Wina akakuuzani kuti mutumiziretu ndalama nyumba musanaione, ameneyo ndi wakuba. Kumbukiraninso kuti sukulu ya mwana imatengera msewu umene mukukhala, ndipo chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Ogasiti.

Tsopano ndifike pa nkhani imene papepala siilembeka, ya mtima wa anthu. Mu Ogasiti 2024 kunabuka zipolowe zodana ndi obwera m'matauni angapo a ku England. Ku Rotherham anaukira hotela imene munkakhala anthu opempha malo othawirako, ndipo ku Middlesbrough ndi ku Sunderland anaswa ndi kutentha zinthu m'misewu. Amenewa ndi matauni a lendi yotsika, kumene anzathu ambiri anathamangira pothawa mitengo ya ku London. Kumene ntchito zinatha kalekale, nyumba zimatchipa, koma mkwiyo umakhalanso pafupi, ndipo mlendo ndiye amasanduka wolakwa. Sindikuti anthu onse a kumeneko ndi oipa, pakuti kutacha eni tauni omwewo anatuluka ndi matsache kukasesa misewu. Ndikungoti muzifunsa mbiri ya dera musanasaine.

Ku Scotland zipolowe zimenezo sizinafike, koma musaganize kuti kuno n'kumwamba. Tsankho lilipo. Mwana wathu wamkulu anabwerapo kusukulu akulira chifukwa cha mawu a mnzake okhudza khungu lake. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti aphunzitsi sanaibise nkhaniyo. Anaitanitsa makolo a mbali zonse, ndipo sizinachitikenso. Tauni yabwino muidziwire pamenepo: choipa chikachitika, akuluakulu ake amatani?

Amalawife tili ndi mwayi wina kuno umene anzathu a maiko ena alibe. Ukati ndine wa ku Malawi, anthu ambiri safunsa kuti kumeneko n'kuti. Blantyre weniweni, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ali pafupi ndi Hamilton, ndipo ndi amene anapereka dzina ku mishoni imene Church of Scotland inatsegula kwathu mu 1876. Mu 2005 atsogoleri a nthawiyo, Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, anasainirana mgwirizano wa maiko awiriwa. Phala la Mary's Meals limene ana amamwa m'sukulu za kwathu, likulu lake lili kuno. Lamulungu lathu loyamba kutchalitchi, gogo wina wachizungu atamva kumene tachokera anatigwira manja onse awiri nati, "Muli bwanji?" Mpingo wawo unali paubale ndi mpingo wina wa CCAP. Mlungu womwewo anatibweretsera majekete a ana ndi kutilozera kwa dokotala kokalembetsa. Chizungu chawo chokha ndicho chimavuta. Miyezi yoyamba muzidzangovomera ndi mutu.

Chinthu chachikulu kuposa zonse ndi ichi: kodi ana adzakhala ndi ndani inu muli kuntchito ya usiku? Kuno kulibe anakubala, kulibe wantchito, ndipo kusiya ana aang'ono okha m'nyumba kungakuitanireni a boma pakhomo. Malo osungirako ana ndi odula moti malipiro a munthu mmodzi angathere komweko. Ife timasinthana ndi banja lina la ku Mzimba, iwo akakhala kuntchito ana amagona kwathu, ife tikapita amagona kwawo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. N'chifukwa chake musakakhale kwanokha chifukwa chongofuna kupulumutsa mapaundi ochepa. Khalani pamene Amalawi anzanu mungawafikire ndi basi imodzi. Ndi omwewo amene adzakuuzani sitolo ya ufa ku Glasgow, ndipo maliro akagwa, ndi omwewo amasonkha pa WhatsApp kuti thupi lipite kumudzi. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo munthu wopanda womuchezera mdima umenewo umamudwalitsa maganizo.

Langizo langa ndi ili. Tengani ntchito ya kufupi ndi Glasgow. Muyambe mwabwera nokha, mufikire kwathu, alamu ndi ana atsale kaye. Pa masiku opuma tidzayenda limodzi, mudzaone nyumba masana ndi usiku womwe, mudzaime pageti la sukulu nthawi yoweruka, mudzakwere basi imene muzidzakwera popita kuntchito. Mukakhutira, ndiye muitanitse banja. Safunsa anadya phula, choncho funsani chilichonse musanasaine pepala la munthu.

Mupereke moni kwa amayi ndi onse kumudzi.

Ine mchimwene wanu,
ku Paisley