Fulashi Imene Inapezeka pa Makompyuta Onse Asanu ndi Awiri

Teremu yathayi, kutatsala sabata imodzi kuti tipereke malikisi a mock a Fomu 4, tinalowetsa fulashi yathu pa kompyuta ya m'chipinda cha aphunzitsi n'kupeza kuti mafoda onse asanduka ma shortcut, fayilo ya malikisi osaoneka. Aphunzitsi ena atatu anadandaula zomwezo. Mmene timapita ku Swala ya Dhuhr n'kuti wolakwa atapezeka kale m'kamwa mwathu: mnyamata wina wa Fomu 3 amene sachoka mu labu, woyenda ndi fulashi yomangirira ku makiyi. Dzina lake tinayamba kulitchula ndife, ndipo kalata yoitana bambo ake tinalembanso ndife.

Madamu a Computer Studies ataiona kalatayo anati, "Ustadh, iyi idikire kaye mpaka mawa. Tiyambe tafunsa Registry."

Mawuwa anali achilendo kwa ife. Registry ndi kaundula amene Windows imasungamo pafupifupi chilichonse chokhudza kompyutayo: mapulogalamu amene anaikidwamo, amene amadziyatsa okha munthu akangolowa, ndi zipangizo zimene zinalumikizidwapo. Kampani ya Microsoft inamuyambitsa mu Windows 3.1 mu 1992, ndipo wakhala akukula mpaka lero. Ali ndi nthambi zikuluzikulu zisanu, koma ife tinkafuna ziwiri: HKEY_LOCAL_MACHINE, ya kompyuta yonse, ndi HKEY_CURRENT_USER, ya akaunti imene yatsegulidwa. M'kati mwa nthambizi muli timanthambi tambirimbiri, kalikonse ndi mayina ake ndi zolembedwa zake.

Munthu angathe kufufuza pamanja. Umatsegula regedit, kudina Ctrl ndi F, kulemba mawu amene ukufuna, n'kudikira. Ikapeza malo amodzi imaima mpaka udine F3. Tinayesa pa kompyuta imodzi, ndipo tisanafike patali tinali titaiwala zimene tinaona koyambirira. Mu labu muli makompyuta 16, kuphatikizapo ya aphunzitsi ija 17. Munthu wotopa, amenenso ali kale ndi dzina m'mutu, amasiya kufufuza akangopeza chimene amachifuna.

Madamu analemba script ya mizere yochepa mu PowerShell, chida cholamulira kompyuta polemba mawu chimene Microsoft inatulutsa mu 2006. Anakana kuiika pa fulashi, poti fulashi ndiyo inali kunyamula matendawo. Anailemba pa bolodi, ophunzira a Fomu 4 n'kuitaipa pa kompyuta iliyonse. Inkafunsa mafunso awiri. Loyamba linapita ku nthambi yotchedwa Run, pansi pa Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion, kumene kumalembedwa mapulogalamu odziyatsa okha. Lamulo la Get-ItemProperty linawerenga zonse za mmenemo n'kuonetsa zokhazo zokhala ndi mawu oti wscript kapena .vbs, chifukwa ma virus ambiri a ma shortcut ndi timafayilo ta VBScript timene timadzilemba pamenepo kuti tizidzuka tsiku lililonse. Funso lachiwiri linapita ku USBSTOR, pansi pa SYSTEM\CurrentControlSet\Enum, kumene Windows imalemba mtundu ndi nambala ya fulashi zimene zinalowetsedwapo. Lamulo la Get-ChildItem linatsika nthambi ndi nthambi n'kuzindandalika. Ana ankakopera mu buku manambala asanu ndi limodzi omaliza.

Chimene chinatigwira mtima n'chakuti script sinkadziwa aliyense. Inafunsa kompyuta ya pakona imene mnyamata uja amakonda, inafunsanso ya aphunzitsi, funso lake lomwelo. Ife sitikanaganiza n'komwe zofufuza ya aphunzitsi.

Pasanathe ola zotsatira zinali pa tebulo. Makompyuta asanu ndi awiri anali ndi wscript mu Run. Fulashi ya mnyamatayo inapezeka pa makompyuta awiri okha, ndipo onse awiri anali abwinobwino. Nambala imodzi yokha ndi imene inaoneka pa asanu ndi awiri onse odwala aja. Madamu anapempha fulashi za aphunzitsi, kuyerekeza imodziimodzi, kenako anangotitembenuzira bukulo osanena kanthu. Inali yathu.

Anatichitira chifundo potifotokozera malire a umboniwu, ndipo ndi bwino makolo awadziwe. Registry imalemba chipangizo, silemba dzanja limene linachilowetsa. Sinena ngati fulashi ndiyo inapatsira kompyuta kapena kompyuta ndiyo inapatsira fulashi. Fulashi zina zotchipa zilibe nambala yakeyake, moti Windows imazipekera, ndipo umazindikira poona chizindikiro cha & pa malo achiwiri. Tinayang'ana ndi chiyembekezo, koma yathu inalibe & pamenepo. Ndiye tinakumbuka. Lolemba la sabata imeneyo tinakasindikiza mapepala pa shopu ina m'tauni, ndipo titabwerako tinayenda kompyuta ndi kompyuta kufunafuna imene ikuonetsa bwino zilembo za Chiarabu. Kaundula sanatiweruze, koma pa mwana uja ananena zokwanira: fulashi yake sinalembedwe pa kompyuta ina iliyonse yodwala.

Kukonza sikunavute. Madamu anayamba asunga kope ya nthambi iliyonse ndi Export asanafufute kalikonse, anaimitsa wscript, n'kuchotsa mzere wa mu Run pamodzi ndi kafayilo kake. Malikisi sanafufutidwe, anangobisidwa, ndipo lamulo la attrib linawabweza onse, Alhamdulillah. Ophunzira mumve apa: script imene munataipa ija inali yowerenga chabe. Kufufuta zinthu mu Registry kungachititse kompyuta kukana kuyaka, choncho musayese pa laputopu ya makolo anu.

Chovuta chinali china. Kalata tinaing'amba, koma dzina linali litayenda kale mpaka kwa ena a komiti ya mzikiti. Tinamuitana mnyamatayo n'kumupepesa pamaso pa aphunzitsi amene anatimva tikumutchula, ndipo mawa lake tinabwereza pa asembule. Bambo ake tinawapeza tokha pambuyo pa Jumu'ah. Kwa amene munamva mbali yoyamba yokha ya nkhaniyi, mbali yachiwiri ndi imeneyi.

Mwanayo sanalankhule zambiri. Anayang'ana pansi, kenako anati, "Ustadh, Madamu angandilole kukopera script ija?" Anamulola. Pano waiwonjezera mzere woti zotsatira zizisungidwa mu fayilo m'malo mokopera pamanja, ndipo Lachisanu lililonse m'mawa ndi iye amene amaiyendetsa pa makompyuta onse 17. Amayambira ya m'chipinda cha aphunzitsi.