Khoma la mgodi limayamba lanong'ona lisanagwe



Lachiwiri lapitali mbandakucha, shifiti isanathe, wailesi ya m'galimoto inalira: matipa onse a mbali yakum'mawa atuluke m'dzenje msangamsanga. Ndimayendetsa chitipa pa mgodi wina wa pulatinamu kuno ku Limpopo, mgodi wokumba poyera, osati wolowa pansi ngati ija ankagwirako agogo athu a Wenela. Tinakwera n'kukaimika kumtunda. Khomalo ndinaliyang'anitsitsa, linali phee. Kapitawo ndiye anandiitana kuti ndione pakompyuta: mapu a dzenje lonse obiriwira, koma pakona imodzi kachigamba kofiira ngati chilonda. Thanthwe la pamenepo linkasuntha, ndipo liwiro lake linkakwera. Linagumuka usiku wotsatira, pansi popanda munthu.

Maso olondera khoma ndi awiri. Pali radar yokhala pakangolo m'mphepete mwa dzenje, yosesa khoma mphindi zingapo zilizonse. Ndiye pali ya kumwamba, pa setilaiti, yomwe ndikufuna tikambirane chifukwa ndi imene kwathu tingaifikire. Sentinel-1, imene mayiko a ku Ulaya anaiponya mumlengalenga mu 2014, imabwerera pamalo amodzimodzi masiku 12 aliwonse. Imatumiza mafunde pansi n'kutchera khutu akamabwerera. Akafananitsa zithunzi za maulendo awiri, amadziwa ngati nthaka yasendera, ngakhale ndi mamilimita ochepa chabe. Mitambo siitchinga, mdima siutchinga. Eni luso amati InSAR. Chomwe chinandidzidzimutsa n'chakuti zithunzizo n'zaulere, aliyense wa intaneti angazitenge.

Koma makina paokha sapulumutsa munthu. Ku Bingham Canyon, ku Utah, pa 10 Epulo 2013, khoma la mgodi wa kopa linagwa ndi miyala pafupifupi matani 150 miliyoni, ndipo sipanafe ngakhale mmodzi. Zida zinaona kusunthako kudakali kale, mabwana anamvera, anthu anatulutsidwa tsiku lomwelo kusanade. Ku Brumadinho, ku Brazil, pa 25 Januwale 2019, damu la matope a mumgodi linaphulika n'kupha anthu 270, ambiri ali pa nkhomaliro. Sailini sinalire. Akatswiri atabwerera ku zithunzi za Sentinel-1 pambuyo pake, anapeza kuti damulo linali litayamba kusuntha masabata angapo ngoziyo isanachitike. Timati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha, kungoti panalibe wonunkhiza.

Kusiyana kwa kuno ndi kwathu kuli pamenepa. Kuno chenjezo lili ndi mwini wake. Kamtsikana ka zaka za mwana wanga, kophunzira za miyala, kakati "tulukani", ngakhale bwana wamkulu amatuluka, ndalama za shifiti yonse n'kupita.

Kwathu zizindikiro timazidziwa ndithu. Ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Michesi ku Phalombe, ndipo napolo wa mu Malichi 1991 ndinamuona ndi maso angawa. Agogo ankati kasupe akayamba kutulutsa madzi amatope, mitengo ya m'phiri ikapendama, chitseko chikayamba kukana kutsekeka popanda chifukwa, dziwani kuti pansi pakuyenda chinthu. Imeneyo inali radar yawo. Koma wochenjeza akakhala nkhalamba, amene akukakamizidwa kumumvera ndani? Ndipo ukamva, uthawira kuti?

Ndisakunamizeni. Matope a namondwe wa Freddy amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira Chilobwe mu Malichi 2023, setilaiti yobwera pa masiku 12 sikadawaoneratu. Amenewo ndi madzi a mvula yosalekeza, amanyamuka kamodzin'kamodzi. Pamalo a mitengo yowirira setilaitiyi imasokonezekanso. Pamene imachita bwino ndi pa thanthwe lambee ndi pa makoma a madamu, zinthu zokwawa pang'onopang'ono kwa miyezi. Ndiye kuti pamigodi.

Ndipo migodi ikubwera, abale. Kayelekera ku Karonga watsegulidwanso, Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe, ngakhale Songwe kwathu komweko ku Phalombe. Anzathu a ku Zambia anaziona kale: mu 2001 khoma la dzenje la Nchanga ku Chingola linakwirira anthu 10, ndipo mu Febuluwale 2025 damu la zonyansa za mumgodi linagumuka n'kuthira asidi mumtsinje wa Kafue. Ife tili ndi nthambi yoona za miyala ku Zomba, tili ndi ana omaliza maphunziro ku MUST ndi ku MUBAS amene akungoyenda ndi maenvelopu m'tauni. Kompyuta imodzi yamphamvu ndi anthu atatu ophunzitsidwa bwino akhoza kumalondera mgodi uliwonse m'dziko muno, osadalira zonena za kampani yokha.

Tsono a kampani akadzabwera pansi pa mtengo ndi Fanta ndi malonjezo a mijigo, musadzangowomba m'manja. Mudzawafunse kuti khoma ndi damu azilondera ndani, zotsatira zake azikuonetsani liti, ndipo pakadzafiira pamapu, foni ya amfumu adzaimba ndani. Akayankha, muwauze alembe papepala n'kusayina.