Alendo Osaoneka pa Ulendo wa ku Nathenje ndi Mitundu

Nathenje ili pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza, ndipo galimoto zonyamula matumba zimapyolapo usana ndi usiku. Pochoka kumeneko tinabwerera cha ku Lilongwe, ndi kupatukira mu msewu wa ku Bunda. Phiri la Bunda laima lokha pakati pa minda, sukulu yaukachenjede ya zaulimi ili pafupi pake, ndipo patali paoneka mapiri a Dzalanyama.

Pa msika wa Mitundu tinapeza chimanga, mtedza, nyemba ndi soya, ogula ali pikitipikiti. Koma thumba likamayenda, siliyenda lokha. Nankafumbwe wamkulu, amene aboola ngakhale nsungwi za nkhokwe, kwawo ndi ku Central America. Anayamba wafika ku Tanzania, nalowa m'Malawi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Mbozi zolowa mu nsonga ya chimanga, zochokeranso ku America, zinaoneka mu Africa mu 2016, ndipo mu December 2017 Boma linalengeza za tsoka m'maboma 20. Palibe amene anaziitana.

Zoterezi ndizo aziopa akatswiri ofufuza zakuthambo. Mu 1967 maiko anapangana kuti asadetse mwezi ndi maiko ena akumwamba, ndiponso kuti asabweretse kuno kanthu koononga. Chifukwa chake Neil Armstrong ndi anzake awiri, atabwerako ku mwezi mu July 1969, sanapite msanga kwa akazi awo ndi ana. Anawabindikiritsa kufikira atakwana masiku 21, madokotala akuwapima. Mu 1975 zombo ziwiri za Viking anaziwamba pa kutentha koposa kwa madzi owira zisananyamuke kunka ku Mars, kuti tizilombo tathu tisakafike kumeneko. Mu 2017 chombo cha Cassini anachigwetsera dala mu Saturn, kuopa kuti chingakagwere pa miyezi yake imene mwina ingasunge moyo. Ndipo dothi lolemera magalamu 121 lochokera pa mwala wa Bennu, litatera ku Utah mu 2023, analisunga motsekera kuti mpweya wathu usalikhudze.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife Akhristu. Pa Levitiko 13 tiwerenga kuti wansembe ankapatula munthu wokayikitsa nthenda masiku asanu ndi awiri, namuonanso. Makolo athu nawo anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Tsono inu makolo, chimanga chogula ku msika musachithire msanga pamodzi ndi chanu. Yambani mwachiyanika ndi kuchiyang'anitsa. Mbewu yochokera kutali kaionetseni kwa alangizi. Inu anyamata ndi atsikana, yenderani munda m'mamawa, musuzumire mu nsonga za mmera. Mulungu anatiika m'munda kuti tiulime ndi kuusunga, ndipo mbozi ikalowa mwa ife, mawa ili mwa mnansi wathu.