Madzi saiwala khwawa

Lero ndafuna kuti tisinkhesinkhe mwambi waufupi uwu: madzi saiwala khwawa.

Ambirife timautchula mwambiwu ponena za munthu. Chidakwa chikaleka kachasu mwezi umodzi kenaka n'kuyambiranso, timapukusa mitu n'kuti madzi saiwala khwawa. Sitilakwa potero ayi. Komatu amene anaupeka ankayang'ana madzi enieni, ndipo tanthauzo loyambali ndi limene tikulitaya.

Khwawa limanyenga m'chilimwe. Mwezi wa Seputembala ndi Okutobala, mitengo ya mombo itaphuka masamba ofiira, anyamata atatentha tchire posaka mbewa, khwawa limakhala gwaa, mchenga wokhawokha. Mbuzi zimayesa njira yawo, ana amaseweramo, ndipo mlendo akhoza kunena kuti apa mpabwino kumangapo nyumba. Kenaka imagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija yozimitsa malupsa, fumbi n'kununkhira. Imeneyi siopsa. Koma dzinja likakhwima, nthaka itakhuta, madzi amabwerera pomwe anadzera chaka chatha, ngakhale pomwe anadzera agogo athu ali ana. Pofika masika amakhala ataphwera, m'chisanu atsala m'maiwe, ife n'kuiwala.

Makolo sankaiwala. M'mbali mwa mtsinje ankasiya bango, nsungwi, mikuyu ndi katope, ndipo mwana wonyamula nkhwangwa kulunjika kumeneko ankamubweza ndi mawu oopsa okhudza mizimu. Ena ophunzira amaseka zimenezi. Ine ndimaona kuti munthu wopanda buku ayenera kuika nzeru zake m'chotengera chimene mwana sangataye, ndipo mwambi, nthano ndi mantha zinali zotengera zotere.

Chimodzimodzi nkhani ya Napolo, chinjoka chimene amati chimagona pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula miyala ndi kukokolola midzi. Anthu a ku Zomba anatchula dzinali mu Disembala 1946, pamene mbali ya phiri lawo inagumuka. A ku Phalombe analitchulanso mu Malichi 1991, matope ndi miyala zitatsika kuchokera m'phiri la Michesi. Malemu Steve Chimombo, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anaona kuti nkhaniyi ndi yoyenera ndakatulo, nasindikiza buku lake la Napolo Poems mu 1987. Kaya mumakhulupirira za chinjokacho kaya ayi, nthanoyi imasunga mfundo yoona: phiri lili ndi njira zake zimene limatsegula pakapita zaka zambiri, ndipo pansi pa njirazo sipogona munthu.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatikumbutsa mwankhanza. Matope anatsika m'phiri la Soche ku Blantyre usiku anthu ali m'tulo, nakwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu kunali maliro okhaokha. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Dothi la pamtsetse likamwa madzi masiku angapo limalemera ndi kuterera, ndipo mizu ya mitengo ndiyo imaligwira monga luzi limagwirira tsekera. Mvula ikapyola muyeso ngakhale phiri la mitengo limagumuka, ichi n'choona. Koma phiri lometedwa mpala siliyembekezera n'komwe.

Pano ndisamale pakamwa. Sindikudzudzula amene anamanga m'mphepete mwa Soche. Munthu wosauka m'tauni amamanga pomwe wapeza malo, ndipo mayi wogula makala amagula chifukwa ana ayenera kudya nsima. Amene ndimawadandaula ndi ife odziwa, amene tinamva miyambi ili yamoyo m'kamwa mwa agogo, koma tinaisandutsa mafunso a mayeso a Chichewa basi. Mwana amakhoza kulemba tanthauzo lake lokuluwika, osadziwa kuti khwawa la kuseri kwa sukulu yake ndi lomwelo likunenedwa.

Tsono adzukulu anga, ena mwa inu mwayamba ntchito ndipo mukufunafuna poloti. Musapite kukaona malo mu Okutobala mokha. Bwereraninso mu Febuluwale mvula ikugwa, muime pamenepo, muone kumene madzi akulowera. Mukapeza miyala ikuluikulu yosalala ili mbalambanda pakati pa munda, dzifunseni chimene chinaibweretsa. Ndipo musanapereke ndalama, funafunani gogo wokalamba kwambiri m'deralo, mum'patse moni mwaulemu, mum'funse kumene madzi anadzera chaka chimene iye amachikumbukira.

Amene kwanu mvula yoyamba mumaitchula ndi dzina lina, chonde ndilembereni, pakuti ndikusonkhanitsa mayina a mvula.