Anthu a Zipika Amene Anatsegula Njira

M'caka ca 1993 kampani ya Sega ya ku Japan inaturutsa masewera a ndeu, dzina lake Virtua Fighter. Masewerawo anali kucitika pa makina oimikidwa m'nyumba zosewerera, m'mene munthu amaponya kandalama kacitsulo ndi kuyamba kumenyana ndi mnzake pa galasi. Omenyana 8 amene anali m'menemo sanali okongola konse: mitu yao inali yamakona, ndi mikono yao yonga zipika zosemedwa mofulumira.

Koma pansi pa maonekedwe amenewo panali cinthu catsopano. Masewera a ndeu amene anachuka kale, monga Street Fighter II a m'caka ca 1991, anali ndi anthu ojambulidwa monga zithunzi za papepala, ooneka mbali imodzi yokha. Yu Suzuki ndi amisiri anzake anaumba thupi la womenyana ali yense ndi tizidutswa tamakona tambirimbiri, ndipo kompyuta inali kuwerengera malo a kacidutswa kali konse nthawi zonse. Cotero munthuyo anakhoza kutembenuka, kugwa cagada ndi kudzukanso monga munthu weniweni. Mabatani anali 3 okha: la nkhonya, lomenyera ndi mwendo, ndi lodzicinjirizira. Panalibe kuponya moto ndi manja; wopambana anali iye amene anadziwa nthawi yomenya ndi nthawi yodikira.

Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Seiichi Ishii, mmodzi wa amisiri aja, anacoka ku Sega napita ku kampani ya Namco, kumene anatsogolera nchito yopanga Tekken, masewera amene anaturuka m'caka ca 1994. Tecmo nayonso inatsata njira yomweyo ndi Dead or Alive m'caka ca 1996. Ngakhale akulu ena a ku Sony anacitira umboni kuti Virtua Fighter ndiwo anawalimbitsa mtima kuti makina ao a PlayStation akhale oonetsa zinthu mbali zonse. M'caka ca 1998 bungwe la Smithsonian la ku Washington linalemekeza nchito imeneyi.

Komabe dzina la Tekken lamveka patali kuposa la Virtua Fighter, ndipo anyamata ambiri osewera mwanayo sadziwa kholo lake. Kodi tsono wolambula njira wataya mphamvu zake pacabe? Iai ndithu. Ulemu wake uli m'mapazi a anthu oyendamo, angakhale iwo asamchule dzina.

Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu amacita manyazi ndi nchito yake yoyamba, poona kuti siyosalala monga ya amisiri akale. Akumbukire anthu a zipika aja. Anali osasalala, koma mafupa ao anali olunjika, ndipo amene anadza pambuyo anangoonjezerapo mnofu.