Mudamuona Ali Bwino Nthawi Yanji?

Tili ana kumudzi, munthu akadzuka pakamwa patapotoka, mkono uli lende, mawu akutuluka mopindika lilime, akuluakulu ankati amumenya ndi hamala. Chotsatira chinali kufufuza mfiti. Wodwalayo ankamutema mphini, kumufukiza, n'kumugoneka pamphasa. Makolo aja sindiwaseka ayi, chifukwa ngakhale akadathamangira naye kuchipatala, dokotala wa masiku amenewo analibe chotsegulira mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka.

Mankhwala osungunula magazi oundana, otchedwa alteplase, adaloledwa kwa odwala sitiroko ku America mu 1996. Koma mankhwala paokha sakadasintha zambiri. Chidasintha kwenikweni ndi changu, ndipo ndidachiona ku London komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mu 2010 mzindawu udasankha zipatala 8 zokha kuti zizilandira odwala sitiroko mwadzidzidzi, moti ambulansi imadutsa chipatala chapafupi osaima. Ukangomva koyamba umati zamisala. Komatu kumene ikupitako makina a CT ndi madokotala amakhala ali chire usana ndi usiku.

Ndikaimba 999, a ambulansi akangofika amandifunsa kuti gogoyu ndidamuona ali bwino nthawi yanji. Safuna zoti "m'mawa muja", amafuna ola lenileni, poti mankhwala aja nthawi zambiri amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka. Ndipo sawabaya asanajambule mutu: mtsempha wotsekeka ndi wophulika amaonetsa zizindikiro zofanana, koma ukapatsa mankhwalawa munthu amene akukha magazi mu ubongo, ukhoza kumupha. Kuchokera mu 2015, kafukufuku atatsimikiza kuti zimathandiza, madokotala amalowetsanso kachubu mumtsempha wa m'mphechepeche, n'kukakankha mpaka kumutu kukachotsa magazi oundanawo. Ndaonapo mayi wachikulire amene adachoka osatha kutchula dzina lake, akubwerako atagwira yekha kapu ya tiyi.

Kwathu makina ojambulira mutu uwapeza m'zipatala zikuluzikulu za m'tauni, ndipo wa ku Nsanje kapena ku Chitipa maola aja amamuthera pamsewu. Komabe achibale akandiimbira pa WhatsApp kuti wina wagwa, ndimawauza kuti alembe nthawi, asamumwetse madzi kapena phala chifukwa angatsamwe, ndipo apeze galimoto pompopompo, za ndalama ya mafuta tikambirana akafika.