Land Rover Imene Tinaidula Pakati

Dothi la kwathu ku Chinguluwe ndi makande. M'chilimwe limang'ambika ming'alu yoti kamwana ka mbuzi n'kuthyokeramo mwendo, koma mvula ikangogwa masiku awiri limasanduka matope omata ovula munthu nsapato. Thonje limalikonda dothi limeneli. N'chifukwa chake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma, mothandizidwa ndi dziko la West Germany, litayambitsa chitukuko cha ulimi m'mbali mwa nyanja ku Salima, kwathu kuno kunatsegulidwa sikimu momwe munadzakhala alimi ochokera m'maboma osiyanasiyana, ena mwa iwo apayoniya. Galimoto ndiye sizigwirizana nalo. Pamene ine ndinkakula, galimoto yokhayo imene inkatha kufika pakhomo pa munthu mwezi wa Febuluwale inali Land Rover, ndipo Land Rover iliyonse imene tinkaidziwa inali ya boma.

Munkakwera akuluakulu a zaulimi odzayendera minda ya thonje, anamwino a sikelo ya ana, apolisi, apayoniya ndi anthu a chipani. Ikabwera masana, anafe tinkaithamangira m'fumbi mpaka kutopa. Ikamveka usiku, akuluakulu ankazimitsa koloboyi n'kuyamba kunong'onezana kuti kaya yaima pa nyumba ya yani. Nambala yake kawirikawiri inkayamba ndi MG, ndipo zilembo ziwirizo zinali zokwanira kuti aliyense apatuke pamsewu. Enafe ulendo wathu unali wapansi, wa panjinga kapena wa pangolo, kukadikira basi ya UTM kumsewu waukulu kapena sitima ku Salima. Zoti mlimi angakhale ndi galimoto yotere palibe ankaziganiza.

Zinthu zinatembenuka mwachangu. Mu Juni 1993 kunali riferendamu, mu Disembala asilikali analanda zida apayoniya pa Operation Bwezani, mu Meyi 1994 kunali chisankho. Chaka chomwecho kwacha inasiyidwa kuti izidzipezera yokha mtengo, ndipo katundu aliyense wochokera kunja anakwera. ADMARC, imene kuyambira 1971 inkagula thonje lathu pafupi ndi mudzi, inayamba kuchepa mphamvu, ndipo mlimi anayenera kumadzionera yekha njira yofikitsira mbewu kumene kuli wogula. Matola, amene kale ankayenda mobisalira apolisi, anayamba kuyenda poyera. Nthawi yomweyo galimoto zakale za boma, zimene zinangoti mbwee kuseri kwa maofesi matayala ali phwa, zinkagulitsidwa pa okishoni.

Atsibweni anga anagwirapo ntchito m'galaja ya chitukuko chija, kupatsira amakaniko masipanala ndi kutsuka zitsulo m'dizilo. Sukulu sanapite nayo patali, koma anali ndi khutu. Anagulitsa ng'ombe ziwiri za pangolo, n'kuphatikiza ndi ndalama za thonje, ndipo tsiku lina thirakitala inafika pakhomo ikukoka Land Rover yobiriwira yopanda magalasi ena, mkati muli zitosi. Akazi awo anaizungulira kamodzi n'kufunsa kuti, “Bambo, ndiye mwagulitsa ng'ombe zoyenda kuti mugule khola la nkhuku?” Funso limeneli linayenda mudzi wonse, ndipo kwa miyezi ingapo linali loona, chifukwa nkhuku zinkaikiramo mazira.

Inali Series III, ya mtundu umene unkapangidwa ku Solihull ku England kuyambira 1971 mpaka 1985, yaitali ija ya mainchesi 109 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ya zitseko zisanu. Atsibweni sankafuna mipando. Ankafuna pikapu yonyamula matumba. Choncho anaganiza zoidula kuseri kwa mpando wa dalaivala, ndipo ine, mnyamata wa sekondale amene ndinali pa holide, ndinalembedwa ntchito yopanda malipiro yogwirira tochi ndi kusunga mabawuti m'zitini za Cobra.

Chimene chinachititsa kuti ntchitoyi itheke pansi pa mtengo wa mango ndi kapangidwe ka galimotoyo. Pansi pake pali chasisi, mafelemu awiri achitsulo olumikizidwa ndi mipiringidzo, ndipo china chilichonse chimangomangiriridwa pamenepo ndi mabawuti. Bodi ndi ya aluminiyamu. Pamene Land Rover yoyamba inkatuluka mu 1948, chitsulo chinali chosowa ku Britain nkhondo itangotha kumene, ndiye anagwiritsa ntchito aluminiyamu, amene sachita dzimbiri. Zotsatira zake tinaziona ndi maso: denga ndi zitseko zinali bwinobwino ngakhale zinakhala pamvula zaka zambiri, koma chasisi chakumbuyo, momwe matope a makande ankakhala osatsukidwa, chinali chitadyeka moti sikuludalaiva inkalowa osakankha n'komwe. Atsibweni ankayenda ndi kahamala kugogoda felemu yonse, khutu ali tcheru. Pamene palira kuti ngwee ankadutsa. Pamene palira kuti phu ankalembapo ndi choko.

Mabawuti ambiri anakana. Tinkawathira oilo wakuda madzulo n'kuwayesa m'mawa, ndipo okanitsitsa tinkawadula ndi tchizulo. Denga tinalitsitsa anthu asanu ndi mmodzi. Kudula kwenikweniko kunachitika ndi sowo ya manja, chifukwa magetsi kunalibe, ndipo timipeni ta sowoyo tinkathyoka pafupipafupi moti njinga inkapita ku Salima kukagula tokhato. Aluminiyamu sawotchereka ndi makina wamba owotcherera zitsulo, choncho khoma lakumbuyo kwa dalaivala analipanga ndi chidutswa cha denga lomwelo, kulipinda pa mtanda wa mtengo n'kulikhoma ndi maliveti, limodzilimodzi, ine nditagwira chitsulo kuseri. Kagalasi kakumbuyo tinachotsa pa chitseko chimodzi chimene sichinkafunikanso.

Chasisi ndiye chinafunika moto. Anaitana mmisiri wa ku Kamuzu Road amene anabwera ndi botolo la mpweya ndi chitini cha kabaidi pangolo yobwereka. Anadula malo onse a choko n'kuikamo zigamba za chitsulo chokhuthala. Pamenepa panabuka mkangano umene ndimaukumbukira kuposa phokoso la hamala. Mmisiriyo ankafuna atalikitse felemu kumbuyo kuti pazikwana matumba ambiri. Atsibweni anakana, amvekere katundu akapitirira kwambiri tayala lakumbuyo, kutsogolo kumapepuka ndipo chiwongolero chimasiya kumva. Zaka zotsatira ndinaona pikapu zingapo zotalikitsidwa chotero zitagona m'ngalande za msewu wa ku Nkhotakota, ndipo sindinafunikenso kufunsa kuti ankatanthauza chiyani. Iwo anangowonjezera masamba awiri pa masipuling'i akumbuyo, n'kumanga bokosi la zitsulo za ngodya, pansi n'kuyala matabwa olimba.

Palibe chinatayidwa. Mipando yakumbuyo inakhala pakhonde. Zidutswa za aluminiyamu anatenga anthu osungunula mapoto, ndipo poto mmodzi wophikira pamaliro anabwerera kwathu ngati malipiro.

Injini inali ya petulo, ya malita 2.25 ndi mapistoni anayi, yosavuta kuimvetsa: kabuleta, mapulagi, mapointi, koyilo, basi. Batire ikafooka ankalowetsa hendulo kutsogolo n'kupukusa. Pafupi ndi giya panali timitengo tiwiri, ka mutu wachikasu ndi ka mutu wofiira. Kachikasu ukakadinikiza matayala onse anayi ankakoka, kofiira ukakakokera kumbuyo galimoto inkayenda pang'onopang'ono koma ndi mphamvu yozula chitsa. “Mphwanga,” ankatero, “kofiiraka usamakagwire usanaone matope ndi maso ako.” Itatha kupentedwa ndi bulashi, panatsala ulendo wa ku Lilongwe kukaonetsa kuti galimoto imene m'buku lake munalembedwa kuti ndi ya anthu tsopano ndi ya katundu, ndi kukatenga COF. Mapepalawo anatenga nthawi yofanana ndi ntchito ya sowo.

Kwa zaka zoposa khumi pikapu imeneyo inanyamula thonje, chimanga, mpunga wa ku Lifuwu, usipa wa ku Senga Bay, njerwa, makwaya, timu ya mpira, akwati ndi mabokosi a maliro. Amayi oyembekezera ankagonekedwa pa matiresi kumbuyo usiku kuthamangira nawo ku chipatala cha boma ku Salima. Anthu omwe aja amene ankazimitsa nyali akamva kulira kwa Land Rover tsopano ankatuluka ndi nyali kudzaiimitsa. Kwa ine kusintha kwakukulu kwa zaka zimenezo kunali kumeneku, kuposa zambiri zimene zinkanenedwa pa wailesi.

Ndisaikometsere mopitirira. Inkamwa petulo mochititsa mantha, mpaka atsibweni anadzaichotsa injini ija n'kuikamo ya dizilo ya Toyota, yolumikizidwa ku giyabokosi ndi chitsulo chosula pa lefu ku Lilongwe. Mabuleki ankafuna kupopa kawiri, ndipo akanyowa ankafuna pemphero. Chiwongolero unkachitembenuza kaye ndithu matayala asanadziwe kuti watembenuza. Anthu ankakhala pamwamba pa matumba miyendo ili lendelende, ndipo kuti palibe anagwapo n'kufa ndi mwayi chabe. Amene amati galimoto zakale zinali zabwino pa chilichonse sanakhalepo kumbuyo kwake dzuwa la Okutobala ku Salima.

Kenaka kunabwera galimoto zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan. Munthu amasankha pa intaneti, kulipira ku banki, n'kukaitenga ku Dar es Salaam kapena kuidikira pa Songwe. Toyota Sienta, Passo, Daihatsu Mira ndi zinzake zinadzaza msewu wa M5 ndi wa M14. Aphunzitsi, anamwino ndi ogulitsa m'magolosale anayamba kukhala ndi galimoto, chinthu chimene makolo awo sanachilotepo, ndipo ine sindingadandaule nazo. Zimamwa mafuta pang'ono, zimaima ukaponda buleki, mvula sikudonthera. Sienta imodzi inkapita ku Salima n'kubwerako kawiri pikapu yathu isanamalize kupakira. Pambuyo pake njinga zamoto za kabaza zinatenga otsala onse, ngakhale odwala, chifukwa zimadutsa m'tinjira ta m'minda ndipo woyendetsa amangoitanidwa pa foni.

Koma galimoto zimenezi sizidulika. Zilibe chasisi chapadera. Bodi yomweyo ya malata opyapyala ndiyo imagwira zonse, ndipo ukachotsa denga yotsalayo imapindika. Injini imalamulidwa ndi kabokosi ka kompyuta. Ikazima, khutu silithandiza kwenikweni: pamafunika makina oilumikiza kuti anene chavuta, ndipo chavutacho sachikonza, amachichotsa n'kugula china ku Biwi kapena ku Malangalanga. Pansi pake m'pafupi ndi dothi, moti mvula ikayamba zimathera pamene pathera msewu wabwino. Makande aja sanasinthe. Mwezi wa Febuluwale thumba la feteleza limafikabe kumunda pangolo kapena pamutu.

Zaka zaposachedwapa anthu ayambanso kukonza zinthu m'malo motaya, osati mwa kufuna kwawo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja zikusowa, mizere ya mafuta tinaizolowera. Galimoto ya ku Japan imene inali yotheka kwa mphunzitsi yabwerera kutali. Ndipo amisiri alipo, ambiri kuposa kale. Anyamata ophunzira ku Salima Technical College ndi ena ophunzirira pa ntchito ali ndi galayinda, makina owotcherera onyamulika m'manja, jenereta, ndiponso foni yoonerapo mmene ena amachitira. Ntchito imene ife tinavutika nayo miyezi ndi sowo angaimalize pa sabata. Chimene alibe ndi choti adule. Land Rover ya mtundu wakale inasiya kupangidwa mu Januwale 2016, ndipo zotsala zikusakidwa ndi anthu a ndalama ofuna kuzikongoletsa n'kumayendera kunyanja. Land Cruiser zimene mabungwe amagulitsa akatopa nazo zimagulidwa ndi amalonda a m'tauni pa mtengo umene mlimi wa thonje sangaufike ngakhale atagulitsa khola lonse. Choncho luso lonselo likuthera pa mafelemu a zitseko, mawindo ndi mageti.

Pikapu ya atsibweni inaima eni ake atayamba kudwala maso, giyabokosi itathyoka dzino pa nthawi imene panalibe ndalama. Ana awo anaigulitsa pang'onopang'ono. Injini inapita ku chigayo. Bodi anatenga a mapoto. Chasisi anagula ogula zitsulo zakutha pa sikelo, pa mtengo umene ndinakwiya nawo ngakhale sindinali mwini. Chimene anthu analimbirana kwenikweni ndi ekiselo yakumbuyo, chifukwa ngolo yabwino imamangidwa pa ekiselo ya galimoto yotere, ndipo opanga ngolo akudandaula kuti zikusowa. Masiku ano amangowotcherera mahabu a tigalimoto tating'ono kunsonga za paipi, ndipo paipiyo imapindika ikasenza njerwa. Ekiselo yathu inagulidwa ndi mlimi wa cha ku Khombedza, amene anapereka ndalama ndi mbuzi ziwiri pamwamba, atapambana anzake awiri amene anafika tsiku lomwelo.